Chikwapu chakhumi chomwe chidalanditsa chikho

Loweruka pa 12 October 2024, pabwalo la mipikisano ya mahatchi la Newmarket ku England, mahatchi awiri adafika pamzere womalizira ali khosi ndi khosi, moti oweruza adachita kudalira chithunzi kuti adziwe yopambana. Udali mpikisano wa Cesarewitch, womwe udayamba mu 1839 ndipo mtunda wake umapitirira pang'ono makilomita atatu ndi theka. Chithunzicho chidaonetsa kuti hatchi yotchedwa Alphonse Le Grande idatsogola ndi kansonga ka mphuno chabe, inzake yotchedwa Manxman n'kukhala yachiwiri. Eni hatchi yopambanayo adasangalala, omwe adaibetchera adalandira ndalama zawo, ndipo khamu lidabalalika nkhani ikuoneka ngati yatha.

Patangopita masiku atatu, chipambanocho chidalandidwa. Komiti ina ya bungwe loyendetsa masewerowa m'dzikomo, la British Horseracing Authority, lomwe mwachidule limatchedwa BHA, itaonera kanema wa mpikisanowo mobwerezabwereza idapeza kuti wokwera pahatchiyo, Jamie Powell, mnyamata wa ku Ireland yemwe adali akuphunzirabe ntchitoyi, adaikwapula kakhumi pomwe lamulo limalola kasanu n'kamodzi. Wokwera akapyola malire ndi zikwapu zinayi, hatchi yake imachotsedwa pamndandanda wa opambana. Choncho chikho chidapita kwa Manxman, ndipo Powell adaimitsidwa kukwera kwa masiku 28.

Nkhani sidathere pomwepo. Eni hatchi pamodzi ndi Powell adachita apilo, ndipo mu November gulu loima palokha lomva madandaulo lidaunikanso kanema yemwe uja, chithunzi ndi chithunzi. Lidavomereza kuti chikwapu chidafika pathupi la hatchi kakhumi, koma lidati ulendo umodzi mwa maulendowo sikudali kukwapula: chidangokhudza hatchiyo pomwe mnyamatayo ankachibweza. Zikwapu zidatsala zisanu n'zinayi, kuperewera ndi chimodzi pa chiwerengero cholanditsa chikho. Alphonse Le Grande idabwezeredwa ulemu wake, chilango cha Powell chidatsika kufika masiku 20, ndipo Manxman, yomwe idakhala yopambana kwa mwezi wathunthu, idabwerera pamalo achiwiri.

Munthu wosazolowera masewerowa angadabwe kuti akuluakulu ophunzira, ena mwa iwo maloya, angathe maola akutsutsana ngati ndodo yamenya kapena yangokhudza. Komatu apa mpomwe pagona nkhani ya chikwapu m'mipikisano ya mahatchi masiku ano. Funso lenileni ndi loti kodi n'koyenera kumenya nyama kuti ithamange pofuna kusangalatsa oonerera ndi kupezera anthu ndalama, ndipo pa funso limeneli eni masewero, akatswiri a ziweto ndi anthu wamba sadamvanepo chimodzi. Atalephera kugwirizana pa funsolo, mabungwe adatembenukira ku chinthu chomwe chimaoneka chosavuta, kuwerenga zikwapu.

Zomwe lamulo likunena

Mipikisano ya mahatchi ku Britain ili pawiri. Ina imachitikira panjira yopanda zotchinga, pomwe chofunika ndi liwiro basi. Ina imakhala ndi mipanda yoti mahatchi azilumpha, ndipo mtunda wake umakhala wotalikirapo. Malamulo omwe adayamba kugwira ntchito mu 2023, pa 13 February kwa olumpha mipanda ndi pa 27 March kwa enawo, amalola wokwera kukwapula kasanu n'kamodzi pampikisano wopanda zotchinga ndi kasanu n'kawiri pa wolumpha mipanda. Chiwerengerochi n'cha mpikisano wonse, kuchokera poyambira mpaka pamzere womalizira.

Chiwerengero ndi mbali imodzi chabe ya lamuloli. Mkono wokwapulira suyenera kukwera kupitirira phewa. Chikwapu chiyenera kugwera pathako la hatchi, osati m'nthiti, pamimba kapena kumutu, ndipo paphewa la hatchi wokwera amangololedwa kugogoda manja ake ali pazingwe zowongolera. Akakwapula kamodzi, ayenera kupatsa hatchi mpata woti iyankhe asadabwereze, ndipo mpatawo amauyeza ndi kuponya miyendo katatu. Hatchi yomwe yatsalira kutali moti singapezenso malo a mphoto siyenera kukwapulidwa. Chimodzimodzinso yomwe yatsogola moonekeratu, yomwe yadutsa kale mzere, ndi yomwe ikuoneka kuti mphamvu zaithera. Madokotala a ziweto amakhala pabwalo, ndipo akapeza mikwingwirima pathupi la hatchi mpikisano utatha, wokwera amakhala ndi mlandu wina wapadera. Chikwapu chokhacho chomwe sichiwerengedwa ndi chomwe chaperekedwa moonekeratu pofuna kupewa ngozi, monga pamene hatchi ikupatuka kulunjika inzake kapena mpanda wa m'mbali.

Milandu ya chikwapu siweruzidwa tsiku la mpikisano. Oyang'anira pabwalo amangoitumiza ku komiti yotchedwa Whip Review Committee, yomwe imakhala pansi patapita masiku angapo n'kuonera makanema ojambulidwa kuchokera mbali zosiyanasiyana. Chilango chachikulu ndi kuimitsidwa, ndipo pamipikisano ikuluikulu masiku ake amawirikizidwa kawiri. N'chifukwa chake Powell adapatsidwa masiku 28 m'malo mwa 14. Kuti chilangochi chimveke kulemera kwake, n'kofunika kudziwa kuti okwera ambiri sali pamalipiro a pamwezi. Amalipidwa akakwera, kuphatikizapo kagawo ka mphoto hatchi ikapambana. Woimitsidwa sabata zitatu amakhala sabata zitatu osapeza kanthu, ndipo mahatchi omwe amakwera amapatsidwa kwa anzake, omwe akachita bwino sabweza mpandowo.

Kodi chimapweteka?

Chikwapu cha masiku ano si chikoti cha chikopa chomwe ambiri angachiganizire. Ndi kandodo kosapitirira masentimita 70 m'litali ndi magalamu 160 polemera, ndipo kumapeto kwake adakutako ndi siponji yoti izichepetsa mphamvu ya kumenyako. Ku Britain chidakhala chokakamiza mu 2004 pamipikisano yolumpha mipanda ndi mu 2007 pa inayo. BHA ndi okwera amati chikagwiritsidwa ntchito moyenera sichipweteka. Chomwe chimadzidzimutsa hatchi ndi phokoso lake ndi kukhudzako, zomwe zimaikumbutsa kuti iike maganizo pa liwiro. Mu 2011 mtolankhani wa nyuzipepala ya The Guardian, Greg Wood, adapereka dzanja lake kwa wokwera wina wodziwika, Jim Crowley, kuti alikwapule ndi mphamvu zomwe amakwapulira hatchi. Adalemba kuti sadamve ululu weniweni, ndipo oikira kumbuyo chikwapu akhala akutchula nkhaniyi mpaka lero.

Palinso mfundo ya chitetezo, yomwe ngakhale odana ndi chikwapu ambiri saikana. Hatchi yothamanga imalemera pafupifupi makilogalamu 500 ndipo imatha kufika liwiro la makilomita 60 pa ola. Wokwerapo amalemera pakati pa makilogalamu 50 ndi 60 pamipikisano yopanda zotchinga, ndipo sakhala pansi. Amanjuta pazopondera zazifupi, miyendo yake yosafika m'nthiti mwa hatchi monga zimakhalira pokwera wamba. Nyama yotere ikaganiza zopatuka pakati pa inzake khumi kapena makumi awiri, zingwe zokha nthawi zina sizikwanira. N'chifukwa chake mkangano suli kwenikweni pa kunyamula chikwapu. Uli pa kuchigwiritsa ntchito pofulumizitsa hatchi, chomwe eni masewero amachitcha mwaulemu kuti kuilimbikitsa.

Ofufuza, makamaka a ku Australia, abweretsa umboni womwe wasautsa oikira kumbuyo chikwapu. Mu 2011 David Evans ndi Paul McGreevy a pa yunivesite ya Sydney adayeza liwiro la mahatchi m'mamita 600 omalizira pamipikisano isanu. Adapeza kuti mahatchi ankathamanga kwambiri m'chigawo choyamba cha mtundawo, pomwe sankakwapulidwa, ndipo zikwapu zinkachuluka kumapeto pomwe liwiro linkatsika chifukwa cha kutopa. Otsutsa adati mipikisano isanu ndi yochepa, ndiponso kuti ndalama za kafukufukuyo zidachokera ku bungwe loteteza nyama la RSPCA la ku Australia. Adaonjeza kuti palibe akudziwa kuti liwirolo likadatsika motani chikwapu pakadapanda. Mfundo yomalizayi ndi yomveka, ndipo ndiyo idachititsa kuti kafukufuku wotsatira akhale wofunika.

Ku Britain kuli mipikisano ina ya ophunzira ntchito yotchedwa Hands and Heels, momwe wokwera amanyamula chikwapu koma saloledwa kufulumizitsira nacho hatchi; amadalira manja ndi zidendene. Mu 2020 gulu la ofufuza, McGreevy ali momwemo, lidafananiza malipoti a oyang'anira pamipikisano 67 yotereyi ndi ina 59 yofanana nayo momwe kukwapula kudali kololedwa. Silidapeze kusiyana kwenikweni pa nthawi yomalizira mpikisano, pa kupatuka kwa mahatchi, ngakhale pa kutchingana njira. Chaka chomwecho kafukufuku wina wotsogozedwa ndi Lydia Tong adafananiza khungu la mahatchi 20 ndi la anthu 10. Khungu la hatchi ndi lochindikala mkati, koma kakhungu ka pamwamba, momwe muli mitsempha yomva ululu, sikasiyana kwenikweni ndi ka munthu pa kuchuluka kwa mitsemphayo. Mawu akale oti hatchi ili ndi chikopa cholimba chosamva kanthu adafooka pamenepo.

Ndiye palinso funso la mbali ya chikwapu yomwe imafika pathupi. Dzanja la mtolankhani uja lidali chilili, ndipo siponji idagwera pomwe idayenera kugwera. Pahatchi yothamanga sizikhala choncho nthawi zonse. McGreevy ndi anzake ataonera pang'onopang'ono makanema a mipikisano ya ku Australia mu 2012, adapeza kuti pa zikwapu 64 mwa 100 zilizonse, mbali yopanda siponji idakhudzanso hatchi. Umboni wonsewu sudatseke mkangano, pakuti hatchi siyankhula, ndipo pamapeto a mpikisano thupi lake limakhala litatentha moti n'kovuta kuyeza chomwe ikumva. Koma udasuntha katundu wa umboni. Kale wodana ndi chikwapu ndiye ankafunsidwa kuti aonetse kuti chimapweteka. Lero wochiikira kumbuyo ndiye akufunsidwa kuti aonetse kuti n'chofunika.

Chaka cha mpungwepungwe

Malamulo owerenga zikwapu mokhwima adabadwa mu 2011, ndipo adabadwira pa wailesi yakanema. Mu April chaka chimenecho, anthu mamiliyoni adaonera mpikisano wotchuka wa Grand National ku Aintree, pafupi ndi Liverpool. Mahatchi awiri adafa atagwa pamipanda, ndipo yopambana, Ballabriggs, idafika itatheratu moti idachita kuthiridwa madzi ndi kupatsidwa mpweya. Wokwera wake, Jason Maguire, adaimitsidwa masiku asanu chifukwa chokwapula mopitirira. Patangotha miyezi iwiri, pamipikisano ya Royal Ascot yomwe banja lachifumu limapezekapo, Frankie Dettori adakwapula hatchi yotchedwa Rewilding maulendo 24 m'mamita pafupifupi 400 omalizira. Adaimitsidwa masiku asanu n'anayi. Onse awiri adasunga chipambano chawo.

BHA idayankha mwaphuma. Pa 10 October 2011 idakhazikitsa malire a zikwapu 7 pamipikisano yopanda zotchinga ndi 8 pa yolumpha mipanda, ndipo mwa zimenezo zisanu zokha ndizo zinkaloledwa m'chigawo chomalizira, chomwe pamipikisano yopanda zotchinga chidali mamita pafupifupi 200. Wophwanya lamulo ankalandidwanso malipiro ndi gawo lake la mphoto. Nthawi yake idali yolakwika zedi, pakuti kudatsala masiku asanu okha kuti kuchitike koyamba tsiku lalikulu la British Champions Day ku Ascot. Sabata isadathe, Richard Hughes, mmodzi mwa okwera aluso a nthawiyo, adali ataimitsidwa kawiri, ndipo adabweza laisensi yake pokwiya. Pa tsiku lalikululo Christophe Soumillon, yemwe adachokera ku France, adapambana mpikisano wa Champion Stakes pahatchi ya Cirrus des Aigles, koma adakwapula kasanu n'kamodzi m'chigawo chomalizira m'malo mwa kasanu. Chikwapu chimodzicho chidamuluzitsa ndalama zoposa £50,000. Okwera adaopseza kuti anyanyala ntchito. Pasadathe sabata ziwiri chikhazikitsire lamulolo BHA idabwerera m'mbuyo: malire a chigawo chomalizira adachotsedwa, Soumillon adabwezeredwa ndalama zake, Hughes n'kubwerera pantchito. Pofika 2012 chiwerengero chidasanduka chizindikiro chongodzutsa oyang'anira kuti aunike, ndipo iwo adapatsidwa ufulu wochotserapo zikwapu zina malinga ndi momwe aonera.

Bata limeneli lidakhala zaka pafupifupi khumi, koma vuto lomwe lidaoneka kwa Maguire ndi Dettori silidachoke. Pampikisano waukulu, masiku ochepa oimitsidwa ndi mtengo wotsika poyerekeza ndi chikho. Chitsanzo chomwe chidaonetsa poyera kufooka kwa lamulo chidadza mu April 2022, pomwe Sam Waley-Cohen adapambana Grand National pahatchi ya Noble Yeats. Adapezeka kuti adakwapula mopitirira, ndipo adaimitsidwa masiku asanu n'anayi ndi kulipitsidwa chindapusa cha £400. Komatu iye adali atalengeza kale kuti umenewo udali mpikisano wake womaliza. Adaletsedwa kugwira ntchito yomwe adali ataisiya kale.

Nthawi imeneyo n'kuti BHA ili kale mkati mounikanso nkhaniyi. Mu 2020 bungwe loona za umoyo wa mahatchi la Horse Welfare Board lidapempha kuti anthu afunsidwe maganizo awo, ndipo mu 2021 anthu oposa 2,000 adayankha. Gulu lomwe mudali okwera, ophunzitsa mahatchi, eni mahatchi ndi oteteza nyama lidatulutsa mfundo 20 mu July 2022. Ziwiri mwa izo zidali zazikulu. Yoyamba idali yolanda chipambano kwa wopyola malire ndi zikwapu zinayi. Yachiwiri idakhudza kagwiridwe ka chikwapu. Wokwera amatha kuchigwira chitaloza pansi, chikutulukira kumbali ya chala chaching'ono, monga chimakhalira akagwira zingwe. Kapena amachitembenuza kuti chiloze m'mwamba, monga munthu agwirira chikwanje. Kagwiridwe kachiwirika kamalola mkono kutambasuka ndi kumenya mwamphamvu, ndiponso ndi komwe kamaoneka moipa pa kanema. Gululo lidati kaletsedwe.

Okwera atayesa kagwiridwe kotsalako adadandaula kuti kwa omwe adathyokapo phewa, ndipo pantchitoyi ndi ambiri, n'kovuta kufikitsa chikwapu pathako la hatchi, moti chimathera m'nthiti momwe lamulo limaletsa. Mu January 2023 BHA idagonjanso, koma ulendo uno idasinthanitsa: kagwiridwe ka chikwanje kadaloledwa, malire n'kutsika ndi chikwapu chimodzi mbali zonse ziwiri. Umu ndi momwe 6 ndi 7 zidabadwira. Ziwerengerozi sizidachokere m'kafukufuku aliyense woonetsa kuti chikwapu chachisanu n'chimodzi sichipweteka pomwe chotsatira chake chimapweteka. Zidachokera pa kukambirana, monga mtengo wa katundu pamsika.

Sabata yoyamba yokha, okwera pafupifupi 20 adaimitsidwa, ndipo hatchi yotchedwa Lunar Discovery idakhala yoyamba kuchotsedwa pamndandanda, n'kulandidwa malo ake achiwiri, ku Ayr m'dziko la Scotland, wokwera wake Charlotte Jones atakwapula maulendo 11.

Wolakwa ndani, wolipira ndani?

Kulanda chipambano kudabwera pofuna kutseka mpata womwe Waley-Cohen adadutsapo, koma kudangousunthira patsogolo. Mu July 2023 ku Ascot, pampikisano wa King George VI and Queen Elizabeth Stakes womwe wopambana adalandira ndalama zoposa £700,000, hatchi ya Hukum idaposa ya Westover ndi mutu wokha. Wokwera pa Hukum adali Jim Crowley, yemwe uja adakwapula dzanja la mtolankhani. Adakwapula kasanu n'kanayi, kupyola malire ndi zitatu. Adaimitsidwa masiku 20 ndi kulipitsidwa £10,000, chilango chowawa ndithu, koma Hukum idasunga chikho chifukwa chikwapu chachinayi chopyolera sichidagwe. Wokwera pa Westover, Rob Hornby, nayenso adapyola ndi chimodzi ndipo adaimitsidwa masiku anayi.

Nkhaniyi ikuonetsa kuti katundu amagwera munthu mmodzi pomwe phindu limagawidwa kwa ambiri. Mwini hatchi amatenga gawo lalikulu la mphoto, ndipo hatchi yaimuna ikapambana mpikisano wotere mtengo wake pobereketsa umakwera kwambiri. Hukum idakathera ku Japan pa ntchito imeneyo. Wophunzitsa hatchi amapeza mbiri ndi makasitomala. Wokwera, yemwe amawerenga zikwapu m'mutu ali pa liwiro loopsa, phokoso la khamu lili m'makutu, ndiye amakhala pakhomo sabata zitatu. Ena amati njira yachilungamo ndi kulanda chipambano ngakhale kwa wopyola ndi chimodzi chokha, kuti eni ndi ophunzitsa azichenjeza okwera awo okha. Ena amayankha kuti kutero n'kulanga mwini hatchi ndi osamalira m'khola pa cholakwa chomwe sadachichite, ndiponso kuika zotsatira za mpikisano uliwonse m'manja mwa owerenga makanema. Nkhani ya Alphonse Le Grande idapatsa mphamvu oganiza chotere.

Wokwera alinso pampanipani wa lamulo lina. Malamulo omwewo amamukakamiza kuonetsa poyera kuti wayesetsa kuti hatchi yake ipeze malo abwino koposa omwe ingathe. Wooneka ngati akuibweza dala amaimitsidwa, chifukwa masewerowa amakhalira ndalama za obetcha, ndipo wobetcha akakayikira kuti hatchi yake sidathamangitsidwe mokwanira sabweranso. Msonkho womwe makampani a kubetcha amapereka ku masewerowa ku Britain umafika pafupifupi £100 miliyoni pachaka. Kwa zaka zambiri, chizindikiro chomwe wobetcha ankaonera kuti wokwera wayesetsa chidali chikwapu chomwecho.

Kubetcha ndikonso kudachititsa kuti milandu isamaweruzidwe tsiku la mpikisano. Poyamba BHA inkafuna kuti chipambano chizilandidwa pomwepo, koma idasintha poopa chisokonezo pa malipiro a obetcha. Zotsatira zake n'zoti kubetcha kumalipidwa potengera zomwe zalengezedwa pabwalo, ndipo chigamulo chobwera pambuyo chimangokhudza mphoto ndi mbiri. Masewero omwe amati akuteteza hatchi adakonza lamulo lawo mosamala kuti lisakhudze thumba la wobetcha. Si chinyengo kwenikweni, koma zikuonetsa yemwe mawu ake amamveka kwambiri.

Kumbali inayo kuli anthu wamba, omwe ambiri mwa iwo amaonera mahatchi kamodzi pachaka ndipo chomwe amakumbukira ndi mkono ukukwera ndi kutsika pa nyama yotopa. Atsogoleri a masewerowa amavomereza poyera kuti nkhani ya chikwapu ndi ya momwe anthu amaonera. Mu April 2023 anthu oposa 100 adamangidwa pa zionetsero za gulu la Animal Rising zomwe zidachedwetsa Grand National. Dandaulo lawo lidali pa mipikisano yonse, osati chikwapu chokha, koma eni masewero adamva uthengawo: chilolezo chomwe anthu amapereka ku masewero ogwiritsa ntchito nyama chikhoza kulandidwa.

Dziko lililonse ndi chiwerengero chake

Kuti chiwerengero ndi chongogwirizana zimaoneka bwino munthu akadutsa malire. Ku Norway kukwapula hatchi pofuna kuti ithamange kudaletsedwa mu 1982, ndipo kuyambira 2009 pamipikisano yambiri okwera sanyamula n'komwe chikwapu. Dziko la Sweden lidaletsa kufulumizitsa ndi chikwapu mu 2022. Oikira kumbuyo chikwapu amati mipikisano ya m'maikowa ndi yaing'ono ndipo singakhale chitsanzo kwa Britain, koma mahatchi kumeneko akuthamangabe ndipo opambana akupezekabe. Ku Germany malire adatsika kufika pa zikwapu zitatu mu 2023, ndipo ku France adafika pa zinayi chaka chomwecho. Ku United States, komwe kale chigawo chilichonse chidali ndi malamulo akeake, bungwe la Horseracing Integrity and Safety Authority lidakhazikitsa malire a zikwapu 6 mu July 2022, ndipo wokwera saloledwa kukwapula koposa kawiri motsatizana asadapatse hatchi mpata.

Australia, komwe kudachokera kafukufuku wambiri wotsutsa chikwapu, ili ndi lamulo lodabwitsa. Wokwera amaloledwa kukwapula kasanu asadafike mamita 100 omalizira, koma m'mamita 100 amenewo, pomwe hatchi yatopa koposa, palibe malire a chiwerengero. Ngakhale zili choncho, mu December 2022 ku Flemington mumzinda wa Melbourne, oyang'anira adatsitsa hatchi ya My Yankee Girl, yomwe idafika limodzi ndendende ndi ya Invincible Caviar, chifukwa wokwera wake Blake Shinn adakwapula maulendo 12 asadafike chigawo chomalizira.

Kuno kummwera kwa Africa mipikisano ikuluikulu ili ku South Africa, ndipo bungwe la National Horseracing Authority, lomwe limayang'aniranso mipikisano ya pabwalo la Borrowdale Park ku Harare, lidaika malire a zikwapu 12 mu 2019. Chaka cham'mbuyo mwake, pabwalo la Turffontein ku Johannesburg, padachitika mpikisano woyesera wopanda zikwapu, ndipo udatha bwinobwino.

Okwera aluso amayenda m'maiko onsewa, nthawi zina maiko awiri m'sabata imodzi, ndipo dzanja lomwe lazolowera chiwerengero china liyenera kuphunzira china pofika pabwalo lachilendo. Soumillon adagwa m'mbuna imeneyi mu 2011. Jamie Powell naye adaphunzira ntchito ku Ireland, komwe malire ndi zikwapu 8. Zikwapu zisanu n'zinayi zomwe gulu la apilo lidamuwerengera ku Newmarket zikadakhala zopyola ndi chimodzi kwawo, zitatu ku England, zisanu ku France, ndipo ku Johannesburg pa malire a 2019 sakadaitanidwa n'komwe.